Ola la nthano ku laibulale: wophunzira weniweni ndi kholo

Mwana wa miyezi 9 mukamupatsa buku, choyamba chimene amachita ndi kuliika m'kamwa. Amalitafuna pakona, kulimenyetsa pansi, kuligwira mozondotsa, kenako n'kuliponya. Mayi ake akaona zimenezi pamaso pa woyang'anira laibulale manyazi amawagwira. Amalanda bukulo msangamsanga, kulipukuta malovu ndi nsonga ya chitenje, n'kulibwezera pamalo pake. Zimene woyang'anirayo anene pa kanthawi kameneka ndi zimene zidzagamule ngati mayiwa adzabwerenso Loweruka linalo. Akangoti, "Mabuku tizisamala, mayi," banja limenelo lapita, sadzaliwonanso. Koma akati, "Musiyeni alawe, onse amayamba choncho, mabuku a m'dengu ili tinawaikira zomwezo," ntchito yayambika.

Ambiri timaganiza kuti zochitika za ana ku laibulale ndi za ana. Tiyeni tiwerengetse. Mwana wobwera sabata iliyonse osajomba, n'kumakhala mphindi 30, pa chaka chonse amapeza maola 26. Mwana yemweyo, kholo lake likamaona naye buku mphindi 10 zokha madzulo aliwonse, amapeza maola 60. Ndipo maola a pakhomowa ndi onona kuposa aja, chifukwa mwanayo ali pamiyendo pa munthu amene amamudziwa, akumva chilankhulo cha kwawo, palibe ana ena khumi olimbirana naye chithunzi. Choncho ola la nthano ndi chionetsero chabe. Amene tikufuna kuti atolepo luso ndi wamkulu amene wabwera ndi mwanayo.

Ku America anafika pa mfundo imeneyi mu 2004, pamene nthambi ziwiri za American Library Association zinatulutsa ndondomeko yotchedwa Every Child Ready to Read, youza oyang'anira malaibulale kuti asamangosangalatsa ana koma aziphunzitsa makolo. Poyamba ndondomekoyi inali ndi mawu aukatswiri omwe kholo wamba silikanawasunga m'mutu, ndipo atayikonzanso mu 2011 anangosiya zochita zisanu: kulankhula, kuyimba, kuwerenga, kulemba ndi kusewera. Taonani kuti pa zisanuzi chimodzi chokha ndicho chimafuna buku. Kulemba kwa mwana wa zaka ziwiri ndi kukhwatchakhwatcha pansi ndi khala kapena kamtengo. Zotsalazo agogo athu akhala akuchita kuyambira kale, popanda wowauza kuti ndi maphunziro.

Ku England anayambira pena. Pulogalamu ya Bookstart inayamba mu 1992 mumzinda wa Birmingham ndi makanda 300, ndipo mabuku sankadikirira makolo ku laibulale, ankadzera kwa azaumoyo oyang'anira makanda. Ku Boston nako, kuyambira mu 1989, madokotala a ana anayamba kupereka buku pomuyeza mwana, pulogalamu yomwe imatchedwa Reach Out and Read. Onsewa anaona chinthu chimodzi: kholo la khanda silipita ku laibulale lokha, koma ku chipatala limapita. Kwathu kuno malo amenewo timawadziwa, ndi ku sikelo. Tibwererako.

Ku Malawi poyambira palipo. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Mothandizana ndi Book Aid International nthambi zingapo zinakonza ngodya za ana, ndipo National Library Service inasindikizanso timabuku ta ana totchedwa Werengani. Komabe lowani mu laibulale iliyonse mayeso a Fomu 4 akayandikira: mipando yonse yadzaza ndi achinyamata oweramira manotsi, pakhoma pali chikwangwani cholamula bata. Mayi wobereka mwana kumsana akasuzumira pakhomo amadziwiratu yekha kuti malo ano si ake. Vuto loyamba si kusowa kwa mabuku ayi, ndi chikwangwani chija.

Malo ndi nthawi

Ana aang'ono saphunzira mwakachetechete, ndiye musawaike chipinda chimodzi ndi owerengera mayeso pa ola limodzi. Ngati palibe chipinda china, khonde kapena mthunzi wa mtengo ndi zokwanira, bola pakhale potchingidwa kumsewu. Mipando ichoke. Yalani mikeka iwiri kapena itatu, makolo akhale pansi mozungulira ngati mwezi wokhala kumene, ana ali pamiyendo pawo. Mukaika mabenchi kumbuyo mwalakwitsa kale: akuluakulu amakakhala kumeneko n'kutulutsa mafoni, ana n'kutsala okha kutsogolo ngati m'kalasi.

Mabuku a ana aang'ono asaimikidwe pashelefu moonetsa msana ngati a akuluakulu. Mwana sasankha buku powerenga dzina, amasankha poona chikuto. Aikeni m'madengu kapena m'makatoni odulidwa kuti akhale aafupi, zikuto zikuyang'ana kutsogolo, ndipo dengu likhale pansi pomwe mwana wokwawa angalifikire. M'dengu limodzi musapitirire mabuku 15. Akachuluka mwana amangowakhuthula.

Gulu labwino ndi la mabanja 10 mpaka 15. Akapitirira 20, wakumbuyo saona chithunzi ndipo phokoso limakula kuposa mawu a wowerenga. Ndi bwino kuchita magulu awiri kusiyana n'kukakamira limodzi lalikulu. Ngati n'kotheka agaweni potengera msinkhu: osakwana zaka ziwiri paokha kwa mphindi 20, a zaka 3 mpaka 5 kwa mphindi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Koma tisanamizane, mayi amene ali ndi khanda kumsana ndi wina wa zaka 4 padzanja sangabwere kawiri. Amenewa alandireni onse, mungokonza zochita kuti wamkuluyo akhale ndi ntchito, monga kutembenuza masamba kapena kugawa mabuku.

Tsiku ndi ola zisamasinthesinthe. Kusankha nthawi musafunse ofesi, funsani amayi asanu a m'deralo. Iwo adzakuuzani tsiku la msika, ola lomwe mpopi umatuluka madzi, ndi nthawi yomwe poto wa nsima amayenera kukhala pamoto. Nthawi zambiri mmawa cha m'ma 9 kapena 10 koloko pamakhala bwino: ana adya phala, tulo ta masana sitinawagwire. Mwana wanjala kapena watulo palibe nthano imene ingamukhazike.

Mphindi 30 zija

Yambani ndi nyimbo yomweyomweyo sabata iliyonse, yotchula dzina la mwana aliyense. Wamkulu amatopa nayo pofika sabata yachitatu, koma mwana ndi pomwe amayamba kuikonda, chifukwa tsopano akudziwa chimene chikubwera. Nyimboyo ndi belu lake.

Buku lalitali kwambiri libwere poyamba, maganizo a ana asanabalalike. Wowerenga akhale pakampando kakafupi, buku aligwire pambali pa nkhope yake, masamba atayang'ana ana, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja kuti aliyense aone. Izi zimatheka pokhapokha ngati bukulo mwaliwerengeratu mokweza kawiri musanabwere, moti mukungoponyako diso cham'mbali. Wowerenga amene akuliona koyamba pamaso pa ana amadziwika: amaweramira m'buku, mawu amatsika, ndipo pofika tsamba lachinayi theka la gulu lili kwina.

Buku likatha ana ayimirire. Adumphe ngati chule, ayende ngati bakha, awombe m'manja. Mphindi ziwiri zakwana. Kenako pabwere nthano ya pakamwa, yopanda buku. Mukangoti "Padangokhala!" mudzamva akuluakulu onse akuyankha "Tili tonse!" osauzidwa, ngakhale aja anakhala chete kuyambira pachiyambi. Pamenepa ndi pomwe kholo limazindikira kuti zimene zikuchitika pano si zachilendo, ndi zomwe linakula nazo. Nthano yokhala ndi kanyimbo kobwerezabwereza ndi yabwino koposa, ndipo agogo akakhalapo pagulupo apatseni mpata, ambiri amaposa woyang'anira laibulale kutalitali. Mungowapempha kuti ikhale yaifupi, ndi kuti zija za afiti odya ana azisunge kaye.

Tsopano gawo limene ambiri amalidumpha nthawi ikawathera, pomwe ndilo mutu wa zonse. Mphindi 10 zomaliza, banja lililonse litenge buku lake, kholo ndi mwana wake aone limodzi, woyang'anira akuyendayenda pakati pawo. Iye asakonze zolakwa mokweza. Agwade pambali, ayamikire chimene chayenda bwino ("Mwaona mmene wasekera mutalira ngati mbuzi?"), n'kupitirira. Pa tsiku limodzi perekani langizo limodzi lokha kwa makolo, la chiganizo chimodzi, mulinene mkati mwa zochitika: "Akaloza chinthu, chitchuleni dzina." Sabata yamawa lina. Mukapereka malangizo asanu ndi awiri nthawi imodzi mwasandutsa msonkhano, ndipo misonkhano anthu ali nayo yambiri kale.

Mwana akayamba kulira kapena kuyendayenda, musaimitse nthano ndipo musamuyang'anitsitse mayi wake. Nenani pachiyambi pomwe kuti wofuna kutuluka atuluke n'kubweranso, woyamwitsa ayamwitse. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka amene akuzungulira mkeka akumvetsera ndithu, ndi miyendo yokha imene yakana kukhala.

Kuona buku limodzi, osati kumuwerengera

Tiyerekeze tsamba lili ndi mbuzi yalowa m'munda wa chimanga, kamnyamata kakuithamangitsa ndi ndodo, ndipo pakona pali nkhuku ndi anapiye atatu. Mawu olembedwa pansi akukamba za mbuzi. Mwana wa zaka ziwiri akuika chala pa anapiye. Kholo losazolowera limachotsa chalacho n'kupitiriza kuwerenga za mbuzi, poti ndi zomwe zalembedwa. Kholo lozolowera limatsata chala.

"Eee, anapiye! Ali ndi ndani?"

Apa lidikire. Kudikiraku ndiye kovuta. Werengani chamumtima mpaka kasanu, chifukwa mwana wamng'ono amatenga nthawi kuti mawu awapeze, ndipo akuluakulu timathamangira kumuyankhira.

"Nkhuku."

"Inde, nkhuku yaikazi ndi anapiye ake. Akutola chimanga chimene mbuzi yagwetsa. Kodi nkhuku ya agogo ija ili ndi anapiye angati?"

Pa kukambirana kwakufupiku pachitika zinthu zinayi: kholo latsata chidwi cha mwana, lafunsa n'kudikira, labwereza yankho lake n'kuwonjezerapo mawu atsopano, ndipo lalumikiza chithunzi ndi moyo wa pakhomo. Njira imeneyi anaifufuza Grover Whitehurst ndi anzake ku America mu 1988, ndipo anapeza kuti ana owerengeredwa mokambirana chonchi amadziwa mawu ambiri kuposa ongomvetsera. Pafupi ndi kwathu, ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town, Lynne Murray, Peter Cooper ndi anzawo anaphunzitsa olera ana a miyezi 14 mpaka 16 kwa masabata 8, kamodzi pa sabata, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti anawo anapita patsogolo pa mawu komanso pa kukhazikika maganizo pa chinthu chimodzi. Khayelitsha si malo a anthu olemera. Chimene chinasintha si chuma cha pakhomo, ndi kagwiridwe ka buku.

Mafunso azikula ndi mwana. Wa chaka chimodzi: "Galu ali kuti?" kuti aloze. Wa zaka ziwiri: "Ichi n'chiyani? Akutani?" Wa zaka zinayi: "Ukuganiza kuti mbuzi ithawira kuti? N'chifukwa chiyani mnyamatayu wakwiya?" Koma musasandutse tsamba lililonse mayeso. Funso limodzi kapena awiri pa tsamba, masamba ena angodutsa. Mwana akamva kuti akuyesedwa amatseka buku, ndipo amakhala akulondola.

Ubwino waukulu wa njirayi kwathu kuno ndi wakuti sifuna kuti kholo lidziwe kuwerenga. Pagulu la mabanja 15 musakayike, alipo amene zilembo zimawavuta, ndipo sadzakuuzani. Mudzangoona akuti aiwala magalasi, kapena akupatsira mnzawo buku. Chifukwa cha iwowa, musaloze wamkulu aliyense kuti awerenge mokweza pagulu, fomu yolembetsera muzilemba ndinu mukuwafunsa pakamwa, ndipo m'dengu mukhale mabuku a zithunzi zokhazokha opanda mawu. Woyang'anira ayambe yekha kugwiritsa ntchito buku lotere pamaso pa onse, kuti lisaoneke ngati la anthu osaphunzira. Kawirikawiri kholo losawerenga limasimba bwino kuposa lowerenga, popeza maso ake ali pa chithunzi ndi pa nkhope ya mwana, osati pa mizere.

Palinso makolo a mbali inayo, ofuna kuona phindu msanga. Amafunsa kuti, "Nanga a e i o u ayamba liti?" Yankho ndi lakuti zimenezo zili ndi nthawi yake. Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo mu 2016 ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, National Reading Programme, inayamba kuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, choncho kulumikiza zilembo si phiri lalitali kwa mwana wokonzeka. Chimene mphunzitsi wa ana ochuluka m'kalasi imodzi sangathe kumupatsa mwana aliyense ndi nkhokwe ya mawu, chizolowezi chomvetsera nkhani mpaka kumapeto, ndi kudziwa kuti buku limayambira kuno n'kuthera uko. Mwana akhoza kutchula "nkho-kwe" molondola koma ngati sanamvepo mawuwo sanawerenge kanthu. Ofuna zokonzekera sukulu apatseni masewera owomba m'manja potchula mayina: "nkhu-ku" kawiri, "chi-ma-nga" katatu, "Chi-ko-ndi" katatu. Amenewo ndi maphatikizo omwewo, akulowera kukhutu asanafike pa bolodi.

Mabuku ake ati, ndipo achokera kuti

Mabuku ambiri a ana m'malaibulale athu ndi opatsidwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a Chingerezi. Ena ndi okongola zedi, sitikuwataya. Koma buku la chipale chofewa ndi zimbalangondo, m'chilankhulo chimene mayi sachilankhula, limamuuza mayiyo kuti kuwerenga ndi ntchito ya aphunzitsi. Mwana wosakwana zaka zisanu ayambe ndi chilankhulo cha pakhomo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga. Mawu amene wawagwira bwino m'chilankhulo chake ndi amene Chingerezi chidzakwerepo pambuyo pake. Buku la Chingerezi la zithunzi zabwino lisimbeni m'Chichewa, kapena lembani mawu a Chichewa pa kapepala n'kumata pansi pa tsamba.

Makanda amafuna mabuku a masamba olimba ngati katoni, chithunzi chimodzi chachikulu pa tsamba: nkhope, kapu, mpira, galu. A zaka ziwiri ndi zitatu amafuna nkhani ya zinthu zozolowereka, chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, ndi mawu obwerezedwa omwe angamalize okha. A zaka zinayi ndi zisanu amatha kutsata nkhani yokhala ndi vuto ndi mathero ake. Mabuku olalikira, aja olembedwa kuti ana azisamba m'manja basi, akhalepo ochepa. Ana amanunkhiza ulaliki patali.

Gulu la mabanja 15 lifunika mabuku osachepera 60, chifukwa nthawi iliyonse ena ali kunyumba, ena akudikira kukonzedwa, ndipo otsala ayenera kukwanira kusankhapo. Kugula onsewa n'kovuta, koma kupanga n'kotheka. Pa intaneti pali African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, yomwe ili ndi nkhani za m'zilankhulo zambiri za mu Africa kuphatikizapo Chichewa, ndiponso Book Dash yomwe inayamba mu 2014. Onsewa amalola kukopera, kumasulira ndi kusindikiza mwaulere. Kabuku ka masamba 16 kamatuluka pa mapepala 4 a A4 osindikizidwa mbali zonse n'kupindidwa pakati. Sindikizani kamodzi koyesera musanawononge inki, popeza masamba akasokonekera dongosolo nkhani imayambira pakati. Chikuto chikhale cha pepala lolimba. Pomanga, sokani ndi singano ndi ulusi wolimba pa mabowo atatu a pamsana m'malo mwa sitepula: mawaya a sitepula amachita dzimbiri nthawi ya mvula, amabaya zala, ndipo khanda likhoza kuwameza. Zomasulira muziwerenge mokweza kaye. Zina mudzapeza ndi Chingerezi chovala malaya a Chichewa, ndipo mwana sangaseke pomwe wolemba anafuna kuti aseke.

Buku lipite kunyumba

Zonse tafotokozazi zimagwa ngati buku silituluka pakhomo la laibulale. Chimene chimaletsa makolo kubwereka si ulesi, ndi mantha. Buku likang'ambika adzalipira zingati? Kholo limene likuwerengera ndalama ya ndiwo silingaike pakhomo chinthu chomwe chingabweretse ngongole. Malaibulale akuluakulu anazindikira zimenezi: New York Public Library inathetsa chindapusa cha kuchedwa kubweza mabuku mu 2021, itaona kuti chinkathamangitsa kwambiri mabanja osauka. Ife tinganene motsindika kuti pa mabuku a ana osakwana zaka zisanu pasakhale chindapusa kapena chikole. Ena adzatayika, ena adzabwera ndi phala. Ikani zimenezo mu bajeti monga mmene mumaikira choko ndi sopo, ndipo mabuku odula kwambiri ndi osowa akhale owerengera pompo.

Banja libwereke mabuku awiri kwa masabata awiri, mwana asankhe yekha limodzi. Akasankha lomwe anabwereka ulendo watha, mpatseni. Kubwereza ndi mmene amaphunzirira: ulendo woyamba amaona zithunzi, wachisanu akumaliza ziganizo, wakhumi "akuwerengera" chidole chake. Buku lililonse lipite m'kathumba. Ka nsalu ya chitenje n'kabwino, koma mkati mukhale jumbo ya pulasitiki, chifukwa mdani wamkulu wa buku lobwerekedwa ndi mvula ya panjira ndi denga lodontha. Auzeni makolo apachike kathumbako pa msomali pomwe mwana akukaona, osati kukatsekera m'sutikesi pamodzi ndi zikalata.

Kukonza mabuku kukhale ntchito ya sabata iliyonse. Tsamba long'ambika limatidwe ndi kachidutswa ka pepala lopyapyala ndi guluu woyera. Selotepi wamba amathandiza lero, koma pakapita miyezi amasanduka wachikasu, amamatuka n'kusiya zomata zomwe zimagwira tsamba linalo. Buku lonyowa liimikeni motsegula pamthunzi podutsa mphepo, likatsala pang'ono kuuma mulipsinje ndi chinthu cholemera. Mukaliyanika padzuwa limapindika ngati chikopa. Lomwe lachita nkhungu lichotseni pakati pa anzake. Mashelefu ndi makatoni asagunde khoma kapena kukhala pansi penipeni usiku, chiswe sichichedwa. Mabuku a makanda apukutidwe ndi kansalu konyowa pang'ono ka sopo gulu likangobalalika, poti tanena kale kumene amapita.

Kupita kumene makolo ali

Tibwerere ku sikelo. Mwezi ndi mwezi amayi amakhala pamzere ola lathunthu kapena kuposerapo, ana ali m'manja, kudikira kukweza sikelo ndi katemera. Palibe laibulale imene ingasonkhanitse makolo a makanda ochuluka chonchi. Gwirizanani ndi alangizi a zaumoyo, pemphani mphindi 10 pambuyo pa phunziro lawo, pitani ndi mkeka ndi mabuku 20. Musakambe za ubongo wa mwana. Pemphani mayi mmodzi wolimba mtima akhale pamkeka ndi mwana wake, muwapatse buku la nkhope za anthu, ena aone okha khanda la miyezi 7 likuyang'anitsitsa ndi kumenya tsamba. Kenako nenani tsiku ndi ola la ku laibulale. Mabuku a ku sikelo akhale opukutika, ndipo mwana amene akuoneka wodwala apatsidwe lake lomwe silizungulira.

Njira ina ndi sukulu za mkombaphala. Bokosi la mabuku 30 kapena 40 likhale pa sukulu imodzi mwezi umodzi, kenako lisinthane ndi la sukulu ina. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti bokosi limaperekedwa ndi mwambo, zithunzi zijambulidwa, kenako likakhomedwa ndi loko kunyumba kwa wapampando wa komiti kuopa kuti ana angawononge. Pakutha pa mwezi limabwerera lili mbee, ena akadali m'mapulasitiki awo. Musapereke bokosi musanakhale ndi alezi theka la tsiku, aliyense ayesere kugwira buku ndi kufunsa mafunso pamaso pa anzake, ndipo muwauze poyera kuti bokosi lobwerera loyera ndi lomwe lidzafunsidwe mafunso, osati lakuda.

Tisaiwale kuti m'makomo ambiri amene amakhala ndi mwana madzulo si mayi, ndi mchemwali wake wa Sitandade 5. Ameneyu muloleni alowe nawo ola la nthano ndipo mumuphunzitse chimodzimodzi. Naye kuwerenga kwake kumakula akamawerengera mng'ono wake. Abambo amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akapeza gulu la amayi okhaokha sabweranso. Kuwaitana mwachindunji kamodzi pa mwezi, pa tsiku lomwe wosimba nthano ndi bambo mnzawo, kumathandiza kuposa kuwadzudzula. Za foni tingonena mwachidule: malangizo a World Health Organization a 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere zapakanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Nkhani ya pa African Storybook yowerengedwa pa foni, mwana ali pamiyendo ndipo wamkulu akulankhula naye, ili pafupi ndi buku. Foni yosiyidwa m'manja mwa mwana kuti atonthole ndi chinthu china.

Pomaliza pali kaundula. Malipoti amakonda chiwerengero cha ana onse amene anafika, koma nambala imeneyo imakwera ndi tsiku limodzi la masiwiti. Lembani dzina la mwana, msinkhu wake, amene wabwera naye, dera lomwe akuchokera, ndi mabuku omwe atenga. Pakutha pa miyezi itatu werengani mabanja amene abwera kasanu kapena kuposa, ndi amene abwereka buku kopitirira kamodzi. Banja lomwe linkabwera mokhulupirika likajomba katatu motsatizana, funsani kwa anansi awo pagulupo kapena kwa alangizi a ku sikelo. Nthawi zina ndi matenda, maliro kapena ntchito ya kumunda. Koma kawirikawiri mudzapeza kuti pali buku lomwe chikuto chake chinathothoka, labisidwa pansi pa mphasa, ndipo mayi akuopa kuonekera nalo. Tumizani uthenga kuti abwere nalo mmene lililimo, ndipo mulimate iwo akuona, mwana atagwirizira botolo la guluu.